Manambala Atatu Amene Anadyedwa ndi Chitumbuwa

Kunyumba kwathu ku Kawale kuli ntchito imodzi imene ndinaletsedwa kugwira, ndiyo kulowetsa mayunitsi a magetsi mu mita. Lamuloli silinalembedwe paliponse, ndipo palibe msonkhano umene unakhala kuti ulikhazikitse, koma aliyense amalidziwa, ngakhale alendo ogona masiku awiri. Popeza nkhani ya chiyambi chake yakhala ikufotokozedwa ndi anthu ena m'njira zosandikomera, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha mwadongosolo, ngakhale ndikudziwa kuti dongosololo silindipulumutsa.

Ndiyambe ndi chizolowezi changa. Ndili ndi dipuloma ya zoyeza malo, ndipo kuyambira ndili pa sukulu sinditha kuona nambala n'kuisiya mu mtendere. Anzanga akakwera minibasi amamvetsera mikangano ya kondakitala. Ine ndimayang'ana nambala ya galimoto yakutsogolo n'kumafufuza ngati ikugawika ndi 3. Kutchalitchi akalengeza nambala ya nyimbo, ndisanatsegule buku ndimakhala nditadziwa kale ngati ili m'gulu la manambala ouma aja, amene sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Chizolowezichi sichinavulazepo munthu kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake sindinkachiona ngati matenda.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, anali ataphunzira kuphika makeke ndipo anali atagula uvuni wamagetsi. Mng'ono wake Mphatso anali ndi chinkhoswe Loweruka masana ku Area 23, kunyumba kwa malume awo. Pa zokambirana za banja, azakhali ena anaumirira kuti keke ikagulidwe m'tauni kwa akatswiri, koma mayi a Tadala anaimirira n'kunena kuti keke ya mng'ono wawo aphika okha, ya magawo atatu osanjikizana. Anawalola monyinyirika. Choncho kekeyo sinali chakudya chabe. Inali yankho la mkazi wanga kwa azakhali aja, pamaso pa abale onse ndi akuchimuna omwe.

Magawo awiri ang'onoang'ono anaphikidwa Lachinayi ndipo anatuluka bwino. Lachisanu magetsi anazima tsiku lonse m'dera lathu, motero gawo lalikulu, lokhala pansi ndi kunyamula anzake, linatsalira Loweruka m'mawa. Nthawi inalipo yokwanira kuphika kamodzi kokha.

M'nyumbamo munalinso apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Dowa chifukwa cha chinkhoswecho. Apongozi anga ndi munthu wosunga mwambo. Chikwatirire mwana wawo zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, sanakhalepo nane pa mpando umodzi, sanandiyang'anepo m'maso, ndipo mawu awo onse opita kwa ine amadzera mwa mwana wawo, ngakhale ine nditaima pomwepo. Ndikapereka moni amayankha atayang'ana pansi, ali chapatali. Ulemu umenewu ndinkaunyadira. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzabisalamo.

Keke inalowa mu uvuni cha m'ma 8 koloko. Posakhalitsa mita, imene ili pa khoma la m'kakhonde kolowera kukhitchini, inayamba kulira.

"Bambo a Tadala, mita ikulira."

"Ndamva. Malinga ndi mmene timagwiritsira ntchito magetsi, mayunitsi amenewo afika Lolemba."

"Mmene timagwiritsira ntchito muli uvuni? Muli simbi imene yasita zovala za anthu asanu ndi awiri? Thamangirani kwa Che Saidi."

Ananena zoona, ndipo apa mpamene panali kulakwa kwanga koyamba: ndinawerengera sabata wamba, pomwe sabatayo sinali wamba. Mufoni munalibe ndalama yogulira magetsi, choncho ndinanyamuka wapansi kupita ku golosale ya Che Saidi, pafupi ndi msika, ulendo wa mphindi khumi ndi ziwiri. Che Saidi anadina kamakina kawo, karisiti kanatuluka, ndipo pakati pake panali nambala iyi:

4817 2093 6558 0746 3012

(Musavutike kuilowetsa mu mita yanu, inagwira kale ntchito, ngakhale mochedwa.)

Anthu ambiri amaona timagulu tisanu ta manambala anayi anayi. Ine ndinaona nambala imodzi yaikulu kwambiri, yotalika manambala makumi awiri, yoti munthu atati awerenge kuyambira 1, nambala imodzi pa sekondi iliyonse osagona osadya, angafunike zaka zoposa thiriliyoni imodzi ndi theka kuti aifike. Chinthu chotere kuchipinda n'kuchiika m'thumba osachifunsa mtundu wake, kwa ine n'chipongwe. Ndinayamba kuifufuza ndikuyenda.

Ikuthera ndi 2, choncho imagawika ndi 2, ndipo si ya m'gulu la manambala ouma aja. Ikuthera ndi 12, choncho imagawikanso ndi 4. Komanso palibe nambala imene mungaichulukitse ndi iyo yomwe n'kupeza yankho lothera ndi 2, ndiye kuti m'gulu limenelonso mulibe. Izi zinali zapafupi. Kenako ndinaphatikiza manambala onse makumi awiri, chimene ndinapeza chinagawika ndi 9 popanda chotsala, kutanthauza kuti nambala yonseyo imagawika ndi 9. Ndinachepetsa liwiro. Ndinaphatikiza manambala modumphitsa, yoyamba, yachitatu, yachisanu mpaka kumapeto, ndi otsalawo paokha, ndipo kusiyana kwa magulu awiriwo kunali 11 ndendende. Ndiye kuti imagawikanso ndi 11. Nambala yogawika ndi 9 komanso 11 imagawika ndi 99, ndipo mwa manambala 99 aliwonse ondondozana ndi imodzi yokha imene imatero. Ndinaima pakati pa njira ndikumwetulira ndekha, mpaka wakabaza anandiimbira belu n'kundifunsa ngati msewuwo ndinagula.

Kulakwa kwachiwiri kunabwera ndi njala. M'mawa umenewo khitchini yonse inali ya keke, palibe amene anaganiza za tiyi. M'mbali mwa njira mayi wina anali kukazinga zitumbuwa. Ndinagula ziwiri zongovuulidwa kumene m'mafuta, anandikulungira m'kachidutswa ka nyuzipepala, ndipo pofuna kupisa m'thumba ndinaziika m'dzanja lamanzere, momwe munali risiti. Ndimadziwa bwino lomwe kuti pepala la makina amenewa limada likakhudzana ndi chotentha. Kudziwako kunali m'mutu, koma zitumbuwa zinali m'dzanja.

Nditafika pa geti ndinapeza mayi a Tadala akundidikira, manja ali ndi ufa.

"Azima! Mphindi zitatu zapitazo. Munapita kukawapanga nokha magetsiwo? Bweretsani msanga, uvuni sindinatsegule, kutentha kukadalimo."

Ndinatambasula risiti. Timagulu tinayi tinali bwinobwino. Kachitatu kanali ndi 6 yekha, kenako chibanga chakuda chonyezimira mafuta, kukula kwake ngati chala chachikulu. Manambala atatu anali atapita.

"Ichi n'chiyani?"

"Chitumbuwa," ndinayankha, pakuti pa zinthu zooneka ndi maso sindinama.

Apongozi anali atakhala pa mkeka pakhonde akusankha mpunga. Osadzutsa mutu anati, "Amake Tadala, kodi ogulitsawo akalemba kamodzi ndiye kuti inki yatha? Sangalembenso kena?"

Ndinamva mawu onse. Koma mwa mwambo sanali kuyankhula ndi ine, ndipo ndinasankha kulemekeza mwambowo mopitirira muyeso.

"Mwamva zimene anena amayi?" anatero mkazi wanga.

"Taimani ndiganize. Kupita ndi kubwera ndi mphindi makumi awiri ndi zinayi. Keke siingadikire nthawi yonseyo. Koma nambala iyi ndikuidziwa khalidwe lake. Ndipatseni mphindi zisanu ndi cholembera."

"Khalidwe lake? Munakulira limodzi?"

Ndinang'amba chikuto cha paketi ya shuga n'kukhala pansi m'kakhonde. Ndiyenera kunena, podziteteza pang'ono, kuti maganizo anga sanali opusa. Manambala atatu obisika akhoza kukhala chilichonse kuyambira 000 mpaka 999, ndiye kuti njira chikwi chimodzi. Koma ndinkadziwa kuti nambala yonse imagawika ndi 99, ndipo manambala ena khumi ndi asanu ndi awiri ndinali kuwaona. Nditawerengera, njira chikwi zija zinatsika kufika pa khumi zokha:

063, 162, 261, 360, 459, 558, 657, 756, 855, 954

Kuchoka pa chikwi kufika pa khumi ndi cholembera chokha! Ndinafuna wina woti ayamikire, koma mkazi wanga anali atagwada pa uvuni akuunika pa galasi ndi tochi ya foni, ndipo pakhonde panali mkeka ndi lichero la mpunga basi. Pambuyo pake ndinamva kuti apongozi anapempha mwana wawo awalembere nambala ya mita pa kapepala, anamanga chitenje n'kutuluka mwakachetechete. Kuwerengera kwanga kunatenga mphindi zisanu ndi zitatu, osati zisanu.

Munthu wadongosolo amayambira poyambira. Ndinalowetsa nambala yonse ndi 063. Mita inalira kawiri n'kuyatsa kagetsi kofiira. Ndinachonga pa pepala. Ndinalowetsa 162. Inakana. Sindinade nkhawa, pakuti kukana kulikonse kunkachepetsa zotsala. Ndinalowetsa 261. Inakananso, koma ulendo uno pagalasi pake panaoneka chinthu chimene sindinachionepo: mphindi zisanu, zikuwerengedwa chobwerera m'mbuyo. Mabatani onse anafa.

Apa mpamene ndinaphunzira kuti amene anapanga mita anaganizira za anthu olowetsa manambala ongopeka, ndiye kuti akuba, n'kuikamo chilango cha kudikira. Sanaone chifukwa chosiyanitsira wakuba ndi munthu wa dipuloma.

"Yatani?" anafunsa mkazi wanga ali kukhitchini.

"Ikupuma pang'ono. Keke ili bwanji?"

"Yasiya kukwera."

Mphindi zisanu zitatha ndinalowetsa 360. Inakana, ndipo inandipatsa mphindi khumi. Mkazi wanga anatuluka kudzaona yekha. Anawerenga pagalasipo, kenako anandiyang'ana, ndipo anayankhula motsitsa mawu, mmene amayankhulira akafika pa malire.

"Bambo a Tadala, ndakupemphani. Musaikhudzenso. Amayi apita kwa Che Saidi, abwera ndi pepala lina. Kekeyi ikapeza moto m'mphindi khumi zikubwerazi ikhoza kudzukabe. Ingokhalani pansi. Idyani chitumbuwa chinacho."

Ndinavomera ndi mutu, ndipo pa nthawiyo ndinavomeradi. Koma mphindi khumi ndi nthawi yaitali kwa munthu woima pamaso pa mita ali ndi mndandanda m'manja. Ndinayamba kuyeza zinthu. Njira zotsala zinali zisanu ndi imodzi, choncho mwayi woti yotsatirayo ndi yolondola unali umodzi mwa isanu ndi umodzi. Mwayi wolakwa unali waukulu kasanu, ndipo chilango chinali kukula ulendo uliwonse. Munthu aliyense wodziwa masamu akanasiya. Masamuwo ndinawachita, yankho lake ndinalimva. Chimene chinandikankha sichinali masamu. Chinali chithunzi cha apongozi anga, amene sukulu analekezera sitandade 3, akulowa pa geti ndi yankho m'manja, ine ndili chiimire ndi chikuto cha paketi ya shuga.

Pagalasi patatsala masekondi makumi anayi, geti linalira. Ndinasuzumira pa zenera. Anali iwo, thukuta lili kamukamu, ngodya ya chitenje itamangidwa mfundo. Khomo lapafupi linali lakumaso, koma likanawafikitsa m'kakhonde momwe ndinaima ine, maso ndi maso. Choncho, chifukwa cha ulemu, anazungulira nyumba yonse kukalowera kuseri, ndipo kumeneko anayamba kumasula mfundo ija, imene anaimanga molimba kuti pepala lisatayike. Ndinamva mkazi wanga akuti, "Amayi, bweretsani ndidule ndi mpeni."

Masekondi anatha. Mabatani anadzuka. Chimene ndinayenera kuchita ndi kupinda manja kwa theka la mphindi. Ndinalowetsa 459.

Mita inalira kawiri. Kagetsi kofiira. Pagalasi panalembedwa mphindi makumi asanu ndi limodzi.

Mkazi wanga anatulukira akuthamanga, risiti yatsopano ili m'manja, yoyera, manambala onse makumi awiri ali poyera. "Nayi! Patukani ndilowetse ndekha." Anadina batani loyamba. Palibe chinachitika. Anadinanso. Kenako anaona pagalasi paja. Anangotsamira khoma, pepala lili lende m'dzanja, ndipo ine ndinapendeketsa mutu kuti ndiwerenge kagulu kachitatu. 6558.

Pa mawu onse amene mwamuna angayankhule pa nthawi ngati imeneyo, ine ndinasankha awa: "Mwaona? Inali yotsatira."

Kunja kunamveka mawu a apongozi, odekha ngati akufunsa za nyengo. "Amake Tadala, auzeni abambowo akapume. Agwira ntchito yaikulu."

Ndinakakhala kuchipinda monga ndinauzidwa. Pa zenera ndinaona apongozi akukoleza mbaula. Anatulutsa chitini cha keke mu uvuni wozizira uja, anachikhazika pa makala ochepa, pamwamba anavundikira ndi chidutswa cha lata n'kuthirapo makala ena, mmene amaphikira chigumu kumudzi. Anaipulumutsa mmene akanathera. Inapsa, koma pakati panali patalowa ngati mbale, m'mbali munali mouma, ndipo mbali imodzi inali yaitali kuposa inzake. Magetsi anayaka cha m'ma 10 koloko, nthawi yongokwanira kupaka zokongoletsa. Mazira ndi batala zophikira ina panalibe, ngakhale nthawi ikanakhalapo.

Atasanjika magawo awiri aja pamwamba, nsanja yonse inayamba kuweramira kumanzere pang'onopang'ono. Mwa ntchito yanga ndimatha kuyerekeza kupendekeka kwa malo ndi maso okha, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti nditchule madigiri ake.

"Musanene," anatero mkazi wanga. "Popeza zoyeza mumazidziwa, muigwira ndinu."

Ndinaigwira kumbuyo kwa galimoto ya matola kuchokera ku Kawale mpaka ku Area 23, mabampu onse ndikuwamva m'zigongono. Titafika anaiika pa tebulo, ndipo zinaoneka kuti ikangosiyidwa iyambanso ulendo wake wa kumanzere. Choncho ndinaima kuseri kwa tebulolo, nditavala suti, zala zitatu zitachirikiza gawo lapakati kumbuyo kumene anthu sakuona. Ankhoswe anapatsana nkhuku, ndili pomwepo. Anapereka khasu, nkhwangwa ndi lichero, ndili pomwepo. Anthu anavina, dzanja langa linachita dzanzi mpaka m'phewa. Mkulu wina wa kuchimuna anabwera kudzandigwira chanza, ndinamupatsa lamanzere, ndipo anandiyang'ana ngati munthu wosaleredwa.

Zonsezi ndikanazipirira mosavuta. Chimene chinandilasa chinabwera pogawa keke. Magawo apamwamba anatha msanga ndipo anthu anawayamikira. Atafika pa gawo lapansi mpeni unalimba, ndipo azakhali aja, amene ankafuna keke ya m'tauni, analuma kachidutswa, anatafuna nthawi yaitali, n'kunena mokweza kuti tebulo lonse limve, "Koma ndiye ili ndi kafungo ka utsi bwino. Amake Tadala, uvuni wanu uja ndi wa nkhuni? Ife tinanena."

Mkazi wanga anamwetulira n'kupitiriza kugawa. Sananditchule. Akanatha kuloza chala kuseri kwa tebulo, anthu onse akanaseka ine, iye n'kupulumuka. Sanatero, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa phewa.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinapepesa, mwa mawu omveka, popanda kutchula nambala iliyonse. Ndinatsuka zitini zonse za keke, ngakhale chija chinadetsedwa ndi makala. Mkazi wanga anati wamva, ndipo madzulo ake anandifunsa ngati ndikufuna tiyi, chimene m'banja mwathu ndi chizindikiro chakuti mlandu wayamba kuzizira. Zinthu zikanathera pamenepo.

Koma popukuta pa tebulo ndinapeza risiti yachiwiri ija, ndipo maso anga anachita zimene amachita. Ndinaphatikiza manambala onse makumi awiri. Anakwana 81. Pomwepo ndinakumbukira kuti dzulo lake pa njira ndinapezanso 81 yemweyo, ndipo ndinakondwera kuti ndi 9 kuchulukitsa ndi 9, koma m'chipwirikiti chija ndinangosunga zoti imagawika ndi 9, chiwerengerocho n'kuchitaya. Ndinatenga mndandanda wanga. Njira zinayi zoyambirira zija zonse zimapereka 72, osati 81. Ndikanakumbukira, sindikanaziyesa n'komwe. Ndikanayambira pa 459, yachiwiri ikanakhala 558, ndipo mita imalola kulakwa kawiri popanda chilango. Magetsi akanayaka apongozi asanafike n'komwe pa msika.

Ndinatuluka nazo panja. Mkazi wanga anali pakhonde akuthandiza apongozi kulongedza katundu wa ulendo wa ku Dowa. Ndinaima chapatali monga mwa ulemu, ndipo ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndikuloza pa pepala.

Mkazi wanga anamvetsera mpaka kumapeto. "Ndiye mukuti cholakwa chanu pa nkhani yonseyi n'chakuti munaiwala 81?"

Ndinaganiza kaye, pakuti funso lofunika siliyankhidwa mothamanga. "Kwenikweni, inde."

Apongozi anga anagwira ngodya ya chitenje n'kutseka pakamwa. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anayesa kuyang'ana pansi, anayesa kutsokomola, koma zinakanika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi chimodzi anandiyang'ana m'maso mwenimweni, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anadzuka mofulumira n'kupita kuseri kwa nyumba kuti akamalizire kuseka kumene mkamwini sakuwaona. Tinawamvabe.

Ndikudziwa phunziro limene aliyense akuyembekezera kuti ndinene, lakuti pepala likawonongeka umabwerera kwa amene analemba, ndiponso kuti mkazi wako akati usakhudze, usakhudze. Ndikulivomereza lonse, ndipo tiyi uja sindinamwe tsiku limenelo. Komabe, kuti mbiri ikhale yolongosoka, ndawerengeranso kachitatu, ndipo ndi 81.